Pensulo ya pa Chingwe

Lolemba usiku, m'basi yomaliza ya ku Oldham,
mapazi atatupa ndi maola khumi ndi awiri,
foni inandilankhula m'Chichewa.

Mzungu wa tayi yotuwa, Gareth Pilkington,
wofuna ukhansala m'dera lathu,
anandiyang'ana m'maso n'kuti:
"Ndaziona, mlongo wanga, mutu umodzi susenza denga."
Milomo yake inkagwera ndendende pa liwu lililonse,
ngakhale ka ŵ ka m'dzina la Malaŵi
kamene ana anga anakataya kalekale.

Ndinaseka mpaka dalaivala anacheuka.
Kenako phwete linauma pakhosi.
Wamuuza ndani dzina langa?
Wamuuza ndani kuti lendi yakwera,
kuti bondo langa lili pamzere wa chipatala
mwezi wachisanu ndi chinayi uno?

M'mawa kuntchito ndinamuonetsa Farzana.
Iye anatulutsa yake: munthu yemweyo, tayi yomweyo,
akulankhula Chiudu, akulonjeza zina.
Kwa Kevin wa kukhitchini analonjeza
kuti anthu ngati ine ndi Farzana tichepa.
Pakamwa pamodzi, malilime makumi atatu.
Mwina mwini pakamwapo sanamveko ndi limodzi lomwe.

Kukhonsolo masiku ano kulibe benchi yodikirirapo.
Kuli kabokosi pakona ya sikirini
kosatopa, kosapita kukadya,
kopepesa mwaulemu ngati mkamwini watsopano.
Pempho langa la nyumba linakanidwa m'masekondi anayi.
Ndinafunsa: wakana ndani?
Kanati: chigamulo chapangidwa.
Ndinati: ndikufuna ndimuone nkhope, ndimukwiyire.
Kanati: kodi yankho ili lakuthandizani?

Ku Limbe wokukaniza unkamudziwa,
unkadziwa kumene amapemphera ndi kumene amamwera,
unkatha kumudikira pageti mpaka achite manyazi.
Kuno ndidikire pageti la ndani?

Lachinayi mayi Edna Shuttleworth a m'chipinda 14,
zaka makumi asanu ndi anayi kudza zitatu,
anadzuka mdima usanathe, napaka milomo, navala chipewa.
Zovota papositi anakana.
"Ndikankhe," anatero.
Ndinawakankha pachikuku m'chiperoni chosatha cha kuno,
kudutsa fakitale yathonje imene pano ndi mafulati,
mpaka kuholo ya Methodist yonunkha chinyontho ndi tiyi.
"Mayi anga ankaluka nsalu mmenemo," anatero panjira.
"Anavota koyamba ali kale ndi ana awiri.
Atabwerako sanauze munthu, ngakhale bambo."

M'holo munalibe chachilendo.
Azimayi awiri, rula, mndandanda wa mayina,
timatabwa totchinga,
ndi pensulo yaifupi yomangidwa pachingwe
ngati mbuzi yoopa akuba.
Dzanja la mayi Edna linanjenjemera,
mtanda wawo unatuluka wopindika,
koma unali wawo.

Kenako ine.
Foni ndinaisiya m'thumba la jekete, chafufumimba.
Pensulo ija sinkadziwa dzina langa,
sinkadziwa za bondo, sinanditchule mlongo.
Ndinaima nthawi yaitali kuposa yoyenera,
ndikupeta maganizo anga ngati mpunga:
awa ndi anga,
awa ndinawatola m'basi,
awa sindikudziwa anandithirira ndani.
Mankhusu ena sanauluke.
Ndinachonga basi, n'kupinda pepala kawiri.

Panja mvula inali itakula.
Ndikukonza bulangete pamiyendo ya mayi Edna,
thumba linanjenjemera.
"Zikomo povota, Ndaziona, mlongo wanga."

Sindinauze munthu kuti ndabwera kuno.

"Ndani ameneyo?" anafunsa mayi Edna.
Ndinati, "Sindikumudziwa, koma iye akundidziwa."
Anagwedeza mutu ngati nkhani yakale.
"Usamuyankhe. Tiye tikagule tchipisi,
undithirire viniga wambiri,
ndipo nesi asamve."